Mbewu ya M'chigubu

Chimanga cha mbewu chimene chinasowa m'khitchini mwa amayi mu Juni ndinatenga ndine. Ngala khumi ndi ziwiri. Kwa miyezi isanu sindinauze munthu, ndipo ngakhale popemphera ndinkangoilambalala nkhaniyi ngati mmene timalambalalira chitosi pabwalo. Kuba kokhako mwina ndikanaulula msanga. Chimene chinkandimanga pakamwa ndi chifukwa chimene ndinabera.

Dzina langa ndine Dorika, kwathu ndi ku Chulu. Chaka chimenecho ndinali Folomu 4 pasukulu yoyendera, ndipo pa zaka zinayi zonsezo dzanja langa ndinalikweza m'kalasi mwina katatu. Sikuti mayankho sindinkawadziwa. Koma anthu akanditembenukira, lilime limauma gwa, ndiye ndinazolowera kumangolemba. Abambo anga, a Levisoni, amalima fodya wa bale, ndipo amakonda kunena kuti mwa ana awo onse ine ndi amene ndinatengera chigafa chawo choumitsiramo fodya: ndimasunga zambiri koma sindiyankhula.

Chimanga chimenechi si chimanga wamba. Ndi cha makolo, chimene agogo anasiyira ana awo aakazi awiri, amayi anga ndi mng'ono wawo, mayi aang'ono a Lusiya. Maso ake ndi olimba, oyera mbee, koma pa ngala iliyonse pamapezeka timaso tingapo tofiirira ngati nthudza zakupsa. Mayi aang'ono mbewu yawo inatha chaka cha njala, anakazinga n'kupatsa ana. Inatsala ya amayi yokha. Chaka chilichonse tikakolola, amayi amasankha ngala zonenepa makumi atatu, amasenda makoko osawathothola, n'kumanga ziwiriziwiri, kenako n'kuzikoloweka pamtengo pamwamba penipeni pa mafuwa. Utsi umazidetsa mpaka zimaoneka ngati zapsa, koma anankafumbwe sayandikira. Amadzala kuseri kwa chigafa, kamunda kakang'ono, ndipo abambo sasowa chonena.

"Nabanda, malo amenewa bwenzi titadzala chimanga cha m'sitolo tikanakolola matumba angati?"

"Cha m'sitolo chanucho ndi mlendo wa m'tauni," amayi amatero. "Popanda fetereza sichidya, ndipo chaka chamawa mukachitengenso kwawo. Ichi ndi mwana wa pakhomo."

Mawu amenewa ndinkawamva chaka ndi chaka osawalabadira. Anadzandibwerera m'kalasi, tsiku lina la mu Meyi.

Aphunzitsi athu a Fizikisi, a Sankhani, ankatiphunzitsa za mphamvu ya nyukiliya. Atamaliza zolemba pabolodi anaika choko pansi n'kuyamba kufotokoza za mabomba. Anati mayiko ena ali nawo ochuluka zedi, ndipo dziko limodzi mwa amene anali pankhondo ku Ulaya miyezi imeneyo linali nawo. Yobu, amene nthawi zonse amakhala kumbuyo n'kumaseketsa anthu, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ndiye bombalo lingagwe kuno?"

"Iwe Yobu, munthu angawononge bomba lake lodula pa Chulu? Kuti aphe chiyani, njinga yakoyo?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka. Koma a Sankhani anadikira kuti phokoso lithe, ndipo anapitiriza ndi mawu otsika. Anati bomba silingagwe kuno, zoona, koma akatswiri ena amati mizinda yambiri itapsa nthawi imodzi, utsi wake ungakwere pamwamba kwambiri n'kuphimba dzuwa kwa zaka zingapo, dziko lonse. Kungazizire, mvula ingasokonekere, zokolola zingachepe, ndipo sitima zonyamula katundu sizingayende. Belu linalira. Anzanga anatuluka akukanganirana zitumbuwa. Ine ndinatsala pampando ndikuyang'ana dzuwa pawindo.

Mwina ndikanaiwala zikanakhala kuti nkhondoyo inali isanafike kale pakhomo pathu. Koma inali itafika. Madzulo aliwonse abambo ankatsegula wailesi akusankha fodya pamphasa, ndipo nkhani zikafika pa Russia ndi Ukraine ankagwedeza mutu n'kunena kuti fetereza akwera ndithu. Tsiku lina anabwera kuchokera ku boma atakwiya, akuti mtengo wa thumba sunkayang'anika. Ndinadzifunsa: ngati nkhondo ya mifuti, kudziko limene sindingathe kuliloza bwino pamapu, yafika mpaka m'munda mwa abambo, nanga ya mabomba aja? Yobu anandionetsanso kakanema pafoni ya mchimwene wake, mtambo wonga bowa wa utale ukukwera, nyumba zikuuluka ngati makoko. Iye ankati, "Taona, Dorika, filimu yaulere!" Ine ndinapita kuseri kwa kalasi n'kukasanza.

Kuyambira pamenepo ndinkaona zinthu pawiri. Ndikaona amayi akupeta, ndinkaonanso lichero lopanda kanthu. Ndikaona mng'ono wanga akusewera fulaye, ndinkawerengera kuti dzuwa litabisala zaka zitatu adzakhala ndi zaka zingati, ngati adzakhalepo. Ndinkawerenga za mayeso, inde, koma m'mphepete mwa makope anga ndinkalemba mafunso amene sindikanafunsa aliyense. Sitima zikaleka kubwera, fetereza sabwera. Fetereza akapanda kubwera, mlendo wa m'tauni uja sadya. Mbewu ya m'sitolo nayo itha. Fodya sadyedwa. Anthu njala ikawapweteka adzakazinga mbewu, monga anachitira mayi aang'ono. Ndiye tsiku limene dzuwa lidzabwerere, adzadzala chiyani?

Ndinapeza kuti yankho lili lendee pamwamba pa mafuwa a amayi.

Ndinachita Lamlungu lina anthu onse atapita kutchalitchi, ine nditanama kuti mutu ukundipweteka. Ndinakwera pamtondo, ndinamasula ngala khumi ndi ziwiri, n'kutalikitsa zotsalazo kuti mpata usaoneke. Ndinatonola ndi manja mpaka chala chachikulu chinatuluka thuza. Ndinaziyanika pang'ono padzuwa, n'kuzisakaniza ndi phulusa losefa. Kusukulu tinaphunzira kuti mbewu youma bwino ikakhala mopanda mpweya, kachilombo kalikonse kamene kali m'katimo kamafa. Choncho ndinatsuka chigubu cha mafuta ophikira, ndinachiumitsa, ndinathiramo mbewuyo mpaka pakhosi, n'kumata chotsekera ndi kandulo yosungunula. Zitsononkho ndinazitentha. Chigubucho ndinachikwirira m'chigafa, pafupi ndi mzati wachitatu kuchokera kumvuma, pamene mvula siifika. Nditamaliza kupondaponda dothi, kwa nthawi yoyamba chiyambire Meyi ndinapuma mpweya wonse mpaka pansi. Mabomba sindikanawaletsa. Koma ichi chokha ndinali nditachita.

Amayi anazindikira Lachitatu. Munthu amene amayang'ana chinthu m'mawa uliwonse akamakoleza moto sungamunamize ndi kutalikitsa. Anawerenga kawiri, n'kutiitana tonse. Mng'ono wanga anakana akulira. Abambo anati mwina makoswe.

"Makoswe omasula mfundo?" anatero amayi. "Makoswe amenewa ali ndi zala."

Ine sanandifunse n'komwe. Dorika angabe? Dorika amene amaopa ngakhale kupempha mchere?

Tsoka lake, Loweruka, dzulo lake la tsiku limene ndinaba, mayi aang'ono anali atabwera kudzapala moto, ndipo anaima m'khitchinimo akuyang'ana m'mwamba. Ananena moseka kuti, "Akulu, chaka chino mundigawireko ya amayi, inunso simunabadwe nokha." Amayi anayankha kuti adzaona nthawi yodzala. Tsopano mawu aja anasanduka umboni. Amayi sanapite kukawafunsa maso ndi maso. Anangoyamba kuyankhula mokweza akamasesa, nkhope ataloza kunyumba ya mayi aang'ono, kuti anthu ena kupempha amakuona kuchedwa. Mayi aang'ono anamva, poti nyumba zathu zalekana ndi kamunda ka mbatata kokha. Anabwera mpaka pamalire, chitenje atamanga m'chiuno.

"Akulu, ngati mukunena ine, nditchuleni dzina. Ndili nalo, anandipatsa amayi omwewo."

"Ine ndatchula munthu? Wamva kuwawa ndi amene chamulasa."

Ndinali pakhonde ndi buku la Bayoloje pamiyendo. Ndinatsegula pakamwa. Ndikulumbira, ndinatsegula. Koma ndinaona mmene zikanathera: onse atanditembenukira, akundifunsa kuti chifukwa chiyani, ine n'kunena kuti ndikuopa mabomba a azungu. Ndinamva kale chiseko cha m'kalasi chija chikufalikira mudzi wonse, kuti mwana wa a Levisoni sukulu yamuzunguza mutu. Panalinso china chimene ndikuchivomera tsopano. Ndinkaona ngati mantha angawo ndikawatchula mokweza, ndiye kuti ndawaitana. Ndinatseka pakamwa n'kutembenuza tsamba.

Tsiku lomwelo amayi anatsitsa ngala khumi ndi zisanu ndi zitatu zotsalazo, anaziika m'thumba, n'kukazibisa kuchipinda kwawo kunsi kwa bedi, kumene dzanja la munthu silingafike. Utsinso sufika kumeneko. Ndinaziona, ndinadziwa, koma ndinakhala chete.

Ndinalemba mayeso, ndinabwerera pakhomo kudikira zotsatira. Kanjira kodutsa m'mbatata kanayamba kumera udzu. Ana a mayi aang'ono analeka kubwera kudzasewera. Kutchalitchi awiriwo ankakhala benchi imodzi kuyambira ali atsikana, koma tsopano pakati pawo pankakhala amayi ena atatu.

Mu Seputembala tinayamba nazale ya fodya kudambo. Mabedi athu ndi a mayi aang'ono amamwa chitsime chimodzi, athu kumtunda, awo kumunsi. Tinaunjika mapesi pamabedi n'kuwatentha kuti nthaka ipse, tinafesa, ndipo kuthirira inali ntchito yanga ndi amayi, m'mawa ndi masana. Amayi akaona kuti mng'ono wawo ali pachitsime, ankayamba kuzula udzu umene panalibe mpaka achokepo. Mu Okutobala tchire linkapsa mbali zonse, kuthengo, m'minda, mpaka cha kunkhalango, ndipo utsi unkangoti tolo mumlengalenga osachoka. Dzuwa linkatuluka lofiira ngati phwetekere, loti ukhoza kuliyang'ana osaphethira. Anthu ankati ndi nyengo yake, chizimalupsa chikagwa kuyera. Ine ndinkaima ndi keni yothirira m'manja n'kumaganiza kuti zidzayamba chonchi, kungoti sikudzayera. Ndikabwerako ndinkadzera m'chigafa n'kuponda pa mzati wachitatu paja. Mtima unkakhala pansi, kenako ndikaona kanjira komera udzu kaja unkanyamukanso.

Mvula yoyamba inagwa kumayambiriro kwa Novembala. M'mawa mwake amayi anakoka thumba lija kunsi kwa bedi kuti atonole, akhale okonzeka. Ndinali panja ndikutsuka mbale pamene ndinamva akuti, "Mayo ine." Sanakuwe. Ananena motsitsa, ngati munthu amene walandira uthenga wa maliro umene ankauyembekezera. Nditalowa ndinawapeza atakhala pansi, miyendo atatambasula. Ngala zinali zibowo zokhazokha. Ankati akagwira, ufa n'kumathothoka, anankafumbwe akuyenda m'manja mwawo.

"Zaka makumi awiri," anatero. "Njala ija sindinadye. Ukwati wa achimwene ako sindinagulitse. Lero ndadyetsa tizilombo ndi manja angawa."

Abambo anaima pakhomo akukanda m'mutu. Sananene za matumba tsiku limenelo. Anangoti, "Pepani, Nabanda."

Amayi anapukuta manja pachitenje. "Yatsala kwa Lusiya. Adzale ndione. Ikadzangotulutsa timaso tofiira m'munda mwake, ndikaitana achimwene athu, amalume ako, adzatiweruze. Ndipo akadzatero, ine ndi iye ubale watha."

Masana a tsiku limenelo ndinakafukula chigubu. Ndinakumba mothamanga moti ndinadzitema pang'ono ndi khasu. Ndinaswa kandulo, ndinatsegula, ndinathira pang'ono pachikhatho. Phulusa linauluka, ndipo maso a chimanga anatsala ali gwa, oyera, awiri ofiirira pakati pawo. Panalibe kabowo ngakhale kamodzi. Ndinaluma limodzi, linalira kuti khwa. Sindingabise, ndinamva kunyada kumene sindinakumvepo ngakhale tsiku limene ndinakhala nambala wani pa masamu. Ndinali nditawononga, inde. Koma zimene ndinaganiza ndekha, ndi mutu wangawu, zinali zitagwira.

Sindinathamangire kwa amayi. Ndinawerenga maso makumi awiri, ndinawakulunga m'chiguduli chonyowa, n'kukawabisa kunazale kunsi kwa udzu wophimbira bedi lakumapeto. Ndinadziuza kuti ndiyenera kutsimikiza kaye ngati mbewuyo ili moyo, kuti ndisawapatse amayi chiyembekezo chabodza. Zinali zoona, koma theka. Theka linalo ndinkangofuna masiku ena asanu okhala chete. Masiku amenewo amayi ankadya pang'ono, ndipo m'mawa akamakoleza moto ankayang'anabe m'mwamba pamtengo wopanda kanthu.

Tsiku lachisanu ndinafunyulula chiguduli. Khumi ndi zisanu ndi zinayi zinali zitatulutsa timizu toyera ndi kansonga. Imodzi yokha ndiyo inagona.

M'mawa wotsatira ndinaika chigubu m'ndowa, ndinavundikira ndi chitenje, n'kusenza kupita kudambo kumbuyo kwa amayi. Mayi aang'ono anali kale pachitsime akutunga. Amayi anapatuka kupita kokazula udzu wawo uja. Ine ndinapitirira mpaka pachitsime penipeni, ndinatula ndowa pakati pa mabedi awo ndi athu, n'kukatenga chiguduli chija.

"Amayi," ndinaitana. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye. Ndinayesanso. "Amayi, tabwerani. Mayi aang'ono, nanunso musachoke."

Mayi aang'ono anaimika keni. "Ee, Dorika amayankhula? Lero kugwa matalala."

Amayi anabwera pang'onopang'ono, osayang'ana mng'ono wawo. Ndinagwada, ndinayala chitenje pansi, ndinatsegula chigubu n'kukhuthula. Chimanga chinatuluka ndi fumbi la phulusa, chinaunjikana, timaso tofiira tili mbuu pakati pa zoyera. Pambali ndinaika chiguduli cha zomera zija.

Amayi anagwada, anatapa dzanja lodzaza, ananunkhiza. Fungo la utsi wa m'khitchini mwawo linali likadalimo.

"Wachitenga kuti?"

"Ndinatenga ndine, amayi. Mu Juni, Lamlungu lija ndinati mutu. Mayi aang'ono sanakhudzepo. Ndinakwirira m'chigafa."

Mayi aang'ono anaomba m'manja kamodzi, n'kugwira m'chiuno. "Akulu, mwamva? Khoswe wa zala uja mumadya naye mbale imodzi! Miyezi isanu ine ndikuyenda ngati mfiti m'mudzi muno, ana anga akufunsa kuti kodi kwa amayi aakulu kwagwa chiyani." Anatembenukira kumbali n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Amayi anakhala chogwada nthawi yaitali, chimanga chikuwapulumuka m'zala. Kenako anati, "Lusiya, mwana wa amayi, ndinakulakwira. Pakamwa pangapa panathamanga." Anavula mpango wawo kumutu, anauyala, ndipo anayamba kutapa ndi manja awiri: kamodzi pampango, kamodzi kusiya pachitenje, kamodzi pampango, mpaka milu iwiri inafanana. Anamanga mpangowo n'kuupereka ndi manja awiri. Mayi aang'ono anazengereza, kenako analandira.

"Chaka chamawa ndidzakoloweka kwanga," anatero. "Ndipo ndidzawerenga tsiku lililonse, poti akuba m'banja muno ndi ophunzira." Anatola chiguduli chija n'kuyang'anitsitsa timizu. "Zingati zamera?"

"Khumi ndi zisanu ndi zinayi pa makumi awiri."

"Akulu, mbewu yanu ya pautsi inamerapo chonchi?"

Amayi anatukula mutu. Anali akundiyang'ana ine, osati mokwiya, koma ngati mmene amayang'anira kumwamba akafuna kudziwa ngati kukubwera mvula.

"Dorika, sunagulitse, sunakazinge, sunapatse mnyamata. Unasunga bwino kuposa ine mwini wake. Nanga unkabisira yani? Unkaopa chiyani, mwana wanga?"

Onse awiri anali atanditembenukira. Lilime linauma monga mwa masiku onse. Ndinayang'ana chigubu chopanda kanthu, ndinayang'ana dzuwa limene linali litayera pambuyo pa mvula ija, ndipo ndinaimirira, dothi lili m'maondo.

"Ndimaopa nkhondo, amayi. Osati ya mifuti. Kuli mabomba ena oti akaphulika ambiri, utsi wake ungatseke dzuwa zaka zingapo, ngakhale kuno kumene sangagwe. Ndakhala ndikuopa tsiku lililonse chiyambire Meyi, ndipo panopa ndikuopabe. Mukhoza kuseka. Koma ndinaganiza kuti zikadzachitika, fetereza sadzabwera, mbewu ya m'sitolo sidzabwera, ndipo anthu adzakazinga zonse zimene zili poonekera. Ndinafuna kuti dzuwa likadzabwerera, aliyense wa ife amene adzatsale adzapeze chodzala. Ndipo ndinafuna kuti chidzakhale cha agogo."